Wofuna kulemba menyu yobutira asamangouzidwa kuti tenga Ventoy

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga ndiyankhulepo za anthu amene angoyamba kumene kuphunzira zokonza makompyuta. Pali ka ntchito kena kamene ambiri amakalakalaka, kopanga disiki imodzi yokhala ndi zida zingapo, Memtest86+ yoyezera RAM, Clonezilla yokopera hadi disiki yonse, GParted yogawira mapatishoni, mwinanso Ubuntu, ndiye ukayatsa kompyuta pabwere menyu usankhe yomwe ukufuna. Munthu akafunsa kuti menyu imeneyi amailemba bwanji, yankho la akadaulo ambiri masiku ano ndi lakuti iwe usadzivute, tenga Ventoy uponye ma ISO, mafayilo osunga zonse za pa CD kapena DVD mu fayilo imodzi, mu flashi basi zatha. Ventoyo ndi yabwino inde, inatuluka mu 2020 ndipo yapeputsadi ntchito, koma funso la munthuyo silinayankhidwe, ndipo tsiku lomwe ISO ina idzakane kubuta adzangoti kakasi kuyang'ana skirini osadziwa poyambira.

Chomwe sawuzidwa n'chakuti menyuyo ndi ka fayilo ka mawu wamba, komwe ungalembe ngakhale mu Notepad. Pa CD kapena DVD njira yakale yodziwika ndi ISOLINUX, ya m'banja la Syslinux la H. Peter Anvin, ndipo fayilo yake ndi isolinux.cfg. Pamwamba umalemba UI menu.c32, kenako TIMEOUT, kenako chida chilichonse chimakhala ndi LABEL yake, MENU LABEL ya mawu oti aoneke pa skirini, mzere wa LINUX woloza kumene kuli kernel, yomwe ndi mtima wa Linux, ndi APPEND wa mawu opita kwa kernelyo. Ndi zomwezo basi. Mawu a pa MENU LABEL utha kulemba m'Chichewa, Yeza RAM, Kopa hadi disiki, kompyuta ilibe nazo ntchito.

Koma timisampha tilipo ndipo n'timene timagwetsa ulesi oyamba kumene. TIMEOUT ya ISOLINUX siwerenga masekondi athunthu, imawerenga magawo khumi a sekondi, ndiye ukalemba 10 menyu ingoti phethi sekondi imodzi n'kudutsa, ukafuna masekondi 10 lemba 100, pomwe ku GRUB, pulogalamu ina yopangira menyu yobutira, 10 ndi masekondi 10 enieni. Kuyambira vezhoni 5 pamafunika ldlinux.c32 pafupi ndi isolinux.bin, ikasowa uona uthenga woti Failed to load ldlinux.c32 ndipo palibe chopitirira. Mafayilo onse a c32 aja akhale ochokera ku vezhoni imodzi, osati menu.c32 watola pa disiki ya wina isolinux.bin wadawuniloda kwina, sizigwirizana. Chinanso chopweteka mutu, ukagwiritsa ntchito mzere wa KERNEL m'malo mwa LINUX pa fayilo yothera ndi .bin monga memtest.bin, ISOLINUX imaitenga ngati boot sector, kachigawo koyambira kubuta disiki, osati kernel, ndiye bola kulemba LINUX kapena kuchotsa .bin pa dzinalo. Mayina a mafayilo nawo afupikitseni, ISO 9660 yoyambirira, dongosolo losungira mafayilo pa CD, imadziwa zilembo 8 ndi zitatu za kumapeto.

Tsono pomwe ine ndimaona kuti pagona nkhani yonse si pa menyu ayi. Menyu ntchito yake imathera pokweza kernel ndi initrd, kaphukusi ka mafayilo oyambira nawo, mu RAM n'kuzipatsa mawu a pa APPEND, ikatero yachoka, sibweranso. Kernel ija imayamba yokha kufufuza kuti mafayilo anga otsala ali kuti, ndipo aliyense amafufuza mwa njira yake, Ubuntu imayang'ana foda ya casper, a m'banja la Debian live amayang'ana foda ya live. Nayi nkhani yake, Clonezilla ndi GParted onse awiri amasunga filesystem.squashfs, fayilo yokhala ndi mapulogalamu awo onse, mu foda yotchedwa live, ukawaika pa disiki imodzi alimbirana dzina, ndiye umasintha mayina a mafoda n'kuuza aliyense kwawo polemba live-media-path pa APPEND. Munthu amene sanauzidwe zimenezi amaona menyu yabwera bwinobwino, wasankha, timalemba tathamanga pa skirini kenako zii, waponyedwa pa initramfs, skirini yodikira kuti ulembe malamulo pamanja, ndiye amabwerera kukasintha mitundu ndi ma LABEL poganiza kuti menyu ndi yomwe yalakwika chonsecho menyu inamaliza kale ntchito yake.

N'chimodzimodzi ndi memdisk, kachida ka m'banja la Syslinux, ambiri amaiona ngati njira yachidule chifukwa imameza ISO yonse mu RAM n'kunamizira ngati ndi disiki. Pa zida za DOS imagwira, koma Linux kapena Windows akangodzuka n'kusiya kudalira BIOS, pulogalamu ya mkati mwa kompyuta yomwe imayamba ukangoyatsa, disiki yonamizira ija imasowa. Ngakhale loopback ya GRUB 2 imene anthu amaitama, imangothandiza GRUB kutulutsa kernel mkati mwa ISO, kernelyo uyenerabe kuiuza komwe kuli ISO, iso-scan/filename kwa Ubuntu, findiso kwa Debian live. Ndiye m'malo molota mawu amenewa, tsegulani ISO ya chidacho muone isolinux.cfg kapena grub.cfg yomwe eni ake analemba, mukope mzerewo n'kungokonza njira za mafoda.

Zowotcha disiki zibwere kumapeto kwenikweni. Mangani ISO ndi xorriso kapena genisoimage, osaiwala -no-emul-boot, -boot-load-size 4 ndi -boot-info-table, izi zimatsatira dongosolo la El Torito la mu 1995 lomwe linachititsa kuti kompyuta zizitha kubuta pa CD. Mukamanga yesani mu QEMU kapena VirtualBox, mapulogalamu onamizira kompyuta ina mkati mwa yanu, zikakana konzani mumangenso, palibe chomwe mwataya, pomwe CD-R ukawotcha wawotcha. Ndipo yambani ndi chida chimodzi chokha, Memtest86+ poti ndi ka fayilo kamodzi, chikabuta onjezani chachiwiri. Woika zisanu nthawi imodzi zikakana sadziwa kuti wolakwa ndi uti. Malo nawo muziwerengera, CD ndi 700 MB basi, DVD wamba 4.7 GB, ndipo Ubuntu Desktop ya masiku ano payokha siikwana n'komwe pa DVD imeneyo.

Amene amati izi n'zachikale ali ndi mfundo pang'ono, ISOLINUX imagwira pa BIOS yokha, malaputopu atsopano ndi a UEFI, yomwe inalowa m'malo mwa BIOS, ndipo ambiri alibenso polowetsa disiki. Apo ndiye GRUB 2 imalowa, grub-mkrescue imatha kumanga ISO yobuta mbali zonse ziwiri ngati mafayilo a mbali zonsezo alipo, ngakhale Secure Boot, chitetezo cha UEFI chokana mapulogalamu osavomerezeka, ikhoza kuikana mpaka utaizimitsa. Koma amene anamvetsa LABEL, LINUX ndi APPEND akaona menuentry, linux ndi initrd za GRUB sachita mantha, ndi nkhani yomweyo yangosintha kalembedwe, bola akumbuke kuti GRUB imayamba kuwerenga pa 0, ndiye set default=1 isankha chachiwiri osati choyamba.

Pempho langa akonzi, tsamba lanu la zaukadaulo litapatulako sabata imodzi n'kusindikiza isolinux.cfg yaifupi ya zida ziwiri zokha, mzere uliwonse utafotokozedwa m'Chichewa, ndipo pansi pake muikeponso LABEL ya LOCALBOOT -1, ikhale yosankhidwa yokha TIMEOUT ikatha, kuti woiwala disiki mu kompyuta izitha kupitirira yokha kukabuta pa hadi disiki.

Ine wowerenga wanu wa nthawi zonse.