Musanalipire fizi ya sukulu yojambula, pemphani kaye kuona makamera

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi makolo anzanga amene ana awo alandira zotsatira za MSCE ndipo akulimbikira kuti akufuna kukaphunzira kujambula zithunzi ndi mafilimu. Nyengo ngati ino makoleji sachoka pa wailesi, zikwangwani zili mbwee m'misewu, aliyense akulonjeza kuti mwana wanu akatuluka ali katswiri. Ine ndimadyera ntchito yomweyi. Ndili ndi kasitudiyo kanga ku Limbe, ndimajambula maukwati, zinkhoswe, makwaya ndi misonkhano ya mabungwe, ndipo chaka ndi chaka ndimalandira achinyamata ochokera m'makoleji odzaphunzira ntchito. Zimene sukuluzi zimaphunzitsa ndimazionera m'manja mwa anawo.

Ena amabwera akudziwa ntchito, moti ndimaphunzirako kwa iwo. Koma ambiri amafika ndi dipuloma yokongola, ukawapatsa kamera n'kuyamba kunjenjemera. Mbiri ya kujambula amaidziwa, mayina a mitundu ya mashoti analoweza bwinobwino, koma kamerayo akachotsa pa auto, pamene imadzitchera yokha, basi zathera pomwepo. Ukawafunsa amakuuza kuti kusukulu kamera ankaionera patali, ili m'manja mwa aphunzitsi kutsogolo kwa kalasi. Anawo sindiwaimba mlandu. Makolo awo anagulitsa chimanga ndi mbuzi kuti alipire maphunziro a ntchito yamanja, koma chimene anagula ndi manotsi.

N'chifukwa chake ndikuti mtengo weniweni wa sukulu yojambula sauonera pa fizi yolembedwa pa kapepala. Tiyerekeze kalasi ya ana 40, makamera awiri, phunziro la maola awiri pa sabata. Mukagawa, mwana aliyense agwira kamera mphindi 6 zokha. Sukulu ina ikhoza kukhala yokwererapo fizi, koma ana ali 15, makamera asanu, ndipo amaloledwa kusainira kamera Lachisanu n'kukabweza Lolemba. Yotchipa pamenepa ndi iti? Palibe kholo limene lingalipire sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto pomwe sukuluyo ilibe galimoto, koma pa nkhani ya kujambula timachita zimenezi osafunsa n'komwe.

Ndiye pitani nokha kusukuluko, tsiku la pakati pa sabata maphunziro ali m'kati, osati tsiku limene akonza zolandira alendo. Mukamaliza kucheza ndi a muofesi, pemphani kuti akutsegulireni kosungira zida. Werengani makamera amene akugwira ntchito, musawerenge amene angokhala pa shelefu batire linafa kalekale. Onani ngati pali malenzi osiyanasiyana, ma tripod, magetsi owunikira, ndipo makamaka zida zojambulira mawu. Apa m'pamene sukulu zambiri zimagwera, ndiponso m'pamene mafilimu athu ambiri amagwera. Munthu amapirira kuonera chithunzi chosaoneka bwino kwenikweni, koma mawu akamamveka ngati akuchokera m'chitsime, kapena mphepo ikamawomba mu maikolofoni, amatseka n'kupita kwina. Sukulu imene ilibe maikolofoni yapakolala ngakhale imodzi, ilibe boom (maikolofoni ya pandodo yaitali), ilibe mahedifoni, singaphunzitse filimu.

Mukatero mukaone chipinda cha makompyuta. Theka la ntchito yathu limachitikira pampando, kudula ndi kulumikiza zimene tajambula, kukonza mitundu, kusakaniza mawu. Kompyuta yolembera makalata singakoke kanema, imangoima. Funsani kuti ndi makompyuta angati amene amaeditiradi kanema, amagwiritsa ntchito pulogalamu yanji, nanga magetsi akathima amatani. Ngati palibe jenereta kapena sola, dziwani kuti masiku ena mwana azingopita kukacheza. Za pulogalamu musadandaule nazo kwambiri. DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere umene umakwanira bwino kuphunzirira, pomwe Adobe Premiere Pro imalipiridwa mwezi ndi mwezi ndi ndalama zakunja. Wina asakuwonjezereni fizi ponamizira pulogalamu musanafunse kuti ndi iti.

Chinthu china chimene chimaulula sukulu msanga ndi ntchito za ophunzira ake. Nenani kuti, “Tionetseni filimu kapena zithunzi zimene ana a chaka chatha anapanga.” Sukulu yabwino imakondwa ndi funso limeneli, imakukhazikani pansi n'kukuonetsani mpaka mutatopa. Ikayamba kuzembazemba, kuti amene amasunga wachokapo, mwayankhidwa kale. Aphunzitsi nawonso muwafunse mwaulemu zimene iwo anajambulapo. Ntchito iyi imasintha msanga, ndipo amene anasiya kugwira kamera zaka zambiri zapitazo adzaphunzitsa mwana wanu za dziko limene kulibenso.

Kwa mwana amene ali kale pa koleji, ndili ndi kamayeso kanga kamene kholo lililonse lingayese. Mkwati wakhungu lakuda wavala diresi loyera, wayima panja pa tchalitchi dzuwa lili paliwombo. Kamera ikasiyidwa kuti iganize yokha, kawirikawiri imatsata kuwala kwa diresilo, nkhope n'kuda bii. Ukatsegula kwambiri kuti nkhope ioneke, diresi limangoyera mbee, maluwa ake onse osaonekanso. Mwana wophunzitsidwa bwino adziwa kusuntha mkwatiyo kupita pamthunzi, kapena kubwezera kuwala kunkhope ndi reflector, ngakhale ndi pepala loyera lalikulu, ndipo adziwa kugwirizanitsa aperture, shutter ndi ISO, zinthu zitatu zimene zimalamulira kuwala kwa chithunzi m'kamera. Mabuku ndi mavidiyo ambiri ophunzitsira anapangidwa kumaiko a anthu akhungu loyera ndi dzuwa lofatsa, choncho izi zimafuna mphunzitsi amene wajambulapo kuno. Chimodzimodzi nkhani ya magetsi: athu kuno ndi a 50Hz, ndipo kamera yotcheredwa molingana ndi ku America, kumene ndi a 60Hz, imatulutsa kanema wophethiraphethira ukajambula m'holo ya mababu. Wodziwa amaika pa mafuremu 25 pa sekondi n'kutchera shutter moyenera. Ndi zazing'ono, koma kasitomala akabweza ntchito amabwezera zomwezi.

Tsopano za mapepala. Sukulu ya maphunziro apamwamba iyenera kukhala yolembetsedwa ndi bungwe la National Council for Higher Education, NCHE, ndipo bungweli limatulutsa mndandanda wa sukulu ndi maphunziro amene lavomereza. Chenjerani apa: sukulu ikhoza kukhala yovomerezeka koma kosi imene mwana wanu akufunayo isanavomerezedwe, choncho yang'anani dzina la kosiyo pamndandandapo. Maphunziro a ntchito zamanja amayang'aniridwa ndi TEVETA. Amene akuyembekezera ngongole ya boma ya ophunzira adziwenso kuti ngongoleyo siipita ku sukulu zosavomerezeka. Ndipo funsani kuti mayeso ake ndi a ndani. Makoleji ambiri amalembetsa mayeso a mabungwe a ku Britain, ndipo ndalama ya mayesowo imawerengedwa m'mapaundi, padera pa fizi. Tonse tikukumbuka kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kholo limene linawerengera bajeti yake mu Januwale linapezeka likusowa pogwira nthawi ya mayeso. Auzeni akulembereni zonse papepala limodzi: fizi, mayeso, ndalama ya zida, ya polojekiti yomaliza, ya mwambo womaliza maphunziro. Inu muwonjezerepo lendi, chakudya, thiransipoti, bandulo ya intaneti, memory card ndi hard drive.

Mwana naye anene bwinobwino chimene akufuna, chifukwa mawu oti “media” amabisa zambiri. Utolankhani ndi ntchito ina, filimu ndi ina, kujambula zithunzi ndi inanso. Ku MUBAS, imene kale tinkaitcha Polytechnic, ndi ku Malawi Institute of Journalism amaphunzitsa utolankhani, ndipo wofuna ntchito ya pa wailesi kapena pa kanema wa nkhani ayang'ane kumeneko. Ku University of Malawi ku Zomba kuli maphunziro a zisudzo ndi luso la zojambulajambula kuyambira kale, ndipo wofuna kulemba nkhani za mafilimu ndi kutsogolera ochita sewero angapezeko maziko. Ku MUST ku Thyolo kuli Bingu School of Culture and Heritage. Mayunivesite a bomawa, MUBAS, University of Malawi ndi MUST, amafuna makirediti asanu ndi limodzi a MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo malo ndi ochepa. Koma ngakhale kumeneko, funso langa la makamera lifunsidwe ndithu. Dzina lalikulu la sukulu silijambula.

Za kunja ndinenepo pang'ono, poti ana ambiri maso ali ku South Africa. AFDA ndi sukulu yodziwika ya mafilimu, ili ku Johannesburg, Cape Town ndi Durban, koma si ya boma ndipo fizi yake ndi ya marandi ochuluka. Kuwonjezera apo pamafunika chitupa chophunzirira, inshuwalansi ya chipatala ndi malo ogona. Kwa wofuna zithunzi zokha, ku Johannesburg komweko kuli Market Photo Workshop, imene anayambitsa wojambula zithunzi David Goldblatt mu 1989, ndipo ili ndi makosi aafupi. Koma mwayi umene ndimauza achinyamata anga kuti aziutchera khutu uli pafupi, ku Lusaka. MultiChoice Talent Factory, imene inayamba mu 2018, yakhala ikutenga achinyamata a m'maiko a kuno kummwera kwa Africa, Amalawi ali momwemo, n'kuwaphunzitsa za mafilimu osalipira. Amatenga ochepa kwambiri ndipo opikisana nawo ndi ochokera m'maiko angapo, choncho mwana alembere ali ndi timafilimu take toti aonetse. Ku Lusaka sakasoweranso chilankhulo, Chinyanja chili ponseponse.

Pali anzanga ena a ntchito amene amati sukulu n'kutaya ndalama, mwana mugulireni kamera aziphunzira pa YouTube. Amatchula a Shemu Joyah, amene ntchito yawo anaphunzira ndi yoyeza malo koma apanga mafilimu amene apambana mphoto kunja kwa dziko lino. Ndi zoona, ndipo pa ntchito yathu kasitomala safunsa satifiketi, amafunsa kuti umuonetse zimene unajambulapo. Komabe sindigwirizana nawo kotheratu. Filimu sapanga munthu mmodzi. Pamafunika wa kamera, wa mawu, wa magetsi, wolemba, woedita, ndipo sukulu yabwino imakupatsa anthu amenewa, amene udzagwire nawo ntchito moyo wako wonse. Imakupatsanso munthu wokuuza mosapsatira kuti ntchito yako yaipa, zimene abale ako pa Facebook sadzakuuza. Komanso ukafuna ntchito ku wailesi ya kanema, m'boma kapena m'mabungwe, pepala amalifuna. Chimene ndimakana ine ndi kulipira pepala lokhalokha.

Ngati ndalama ndi zochepa, ine ndingasankhe kosi yaifupi yovomerezeka, yokhala ndi zida, ndipo yotsalayo ndingagulire mwana kamera yogwiritsidwapo kale ntchito ndi laputopu yamphamvu pang'ono. Loweruka azipita kukanyamulira zikwama wojambula wina wodziwa ntchito. Kumeneko adzaphunzira zimene makalasi ambiri amadumpha: kutchula mtengo osachita manyazi, kulandira dipoziti ndi kulemberana pangano, kusunga ntchito malo awiri chifukwa ukwati subwerezedwa khadi ikafa, kupempha chilolezo asanajambule ana kapena odwala, ndi kudziwa kuti nyimbo ya munthu saiika mu kanema mwachisawawa, pali malamulo a umwini amene a COSOMA amayang'anira. Pofunsa sukulu, funsaninso ngati imawapezera yokha ana malo ophunzirira ntchito, kapena imangowapatsa kalata kuti azikayenda nayo m'tauni. Ndipo makolo a ana aakazi musawabweze. Ena mwa achinyamata akhama kwambiri amene adutsa pa situdiyo panga ndi atsikana, ndipo pa chinkhoswe kapena kuchipinda kumene mkwati akuvala amalowa malo amene ine sindingalowe.

Pomaliza ndikupempheni inu akonzi. Makolo akumudzi sangakwanitse kuyendera makoleji a ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu kuti akawerenge makamera. Tumizani mtolankhani wanu ndi wojambula wanu mmodzi akayendere sukulu zimene zimalengeza maphunziro amenewa, akafunse chiwerengero cha ophunzira m'kalasi, zida zimene zikugwira ntchito, ndalama zonse pamodzi ndi za mayeso, komanso ngati kosiyo ili pa mndandanda wa NCHE kapena TEVETA. Mukatero musindikize m'Chichewa, anthu asanayambe kulipira fizi ya teremu ikubwerayi.

Ine wanu,
Wojambula zithunzi ndi kanema,
Limbe