Kalata kwa a Naphiri, za malikisi a Tadala

Okondedwa a Naphiri,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi bambo ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti takusowani.

Uthenga wanu ndaulandira. Mwati Tadala, yemwe masamu ankangowamwa ngati madzi, tsopano malikisi akutsika teremu ndi teremu, ndiye mukufuna kumupezera mphunzitsi wapadera. Sindikukuletsani ayi. Kuphunzitsa mwana payekha kumathandizadi. Mu 1984 katswiri wa zamaphunziro Benjamin Bloom wa ku University of Chicago ku America analemba kuti ana ophunzitsidwa mmodzimmodzi ankawasiya kutali anzawo ophunzira m'chigulu. Koma ife ogwira chokofe timadziwa kuti mwana yemwe ankakhoza kale sagwa chifukwa choti mutu wauma mwadzidzidzi. Chilipo chamugwira. Mwina akuchezera pafoni usiku, mwina anzake akumuzunza, mwinanso maso sakuona bwino pabolodi (musaseke, zimachitika ndithu). Mukamuonjezera maphunziro a madzulo musanadziwe chavuta, angotopa, malikisi ali pomwepo.

Choncho musanalipire aliyense, kaonaneni kaye ndi mlangizi wa pasukulupo. Makolo ambiri timaganiza kuti kwa mlangizi kumapita ana opulupudza okhaokha. Si choncho. Ntchito ya ulangiziyi inayamba ndi kuthandiza achinyamata kusankha ntchito, monga ankachitira mmodzi mwa oiyambitsa, Frank Parsons, pa ofesi yomwe anatsegula mumzinda wa Boston ku America mu 1908, koma lero imakhudzanso maphunziro ndi zam'maganizo. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto lam'maganizo, ndipo ambiri sadziwika n'komwe. Mwana wotere sabwera kudzanena kuti “amayi, ndili ndi nkhawa”. Amangoti mutu ukuwawa, chakudya n'kuchikana, Lolemba n'kujomba.

Za kujombazo mukafunsitsitse, akakuonetseni kaundula. Akatswiri amati mwana wojomba tsiku limodzi pa masiku 10 alionse ali kale pangozi yotsalira, ngakhale masikuwo atakhala omwazikana moti kholo silingazindikire. Mukafunsenso ngati wagwa m'masamu mokha kapena m'maphunziro onse. Ngati ndi masamu okha, mwina pali mutu umodzi womwe unamudutsa, ndipo apo mphunzitsi wapadera kapena gulu la anzake owerengera limodzi lingakwanire. Ngati ndi onse, nkhani si ya mabuku.

Chimodzi ndikuchenjezeretu, poti ndimakudziwani: mlangiziyo sadzakuuzani zonse zomwe Tadala wamuuza, ndipo musakamupanikize. Amaulula pokhapokha mwanayo kapena munthu wina akakhala pachiswe. Tadala akangodziwa kuti zomwe walankhula m'mawa zikufika kwa amayi ake madzulo, atseka pakamwa, basi mwayi watha. Zimawawa kuti mwana wako akhuthulire mlendo zakukhosi, ndikudziwa, koma pamsinkhu umenewu amatero.

Musadikirenso kuitanidwa. Alangizi ndi ochepa paliponse. Ngakhale ku America, komwe bungwe lawo limafuna mlangizi mmodzi pa ana 250, sukulu zambiri sizikwanitsa. Mwana wofatsa ngati wathuyu, wosasokosa m'kalasi, ndiye amaiwalika msanga. Ngati mlangizi palibe, yambirani kwa mphunzitsi wa kalasi yake.

Munditumizire chithunzi cha malipoti ake a materemu apitawa ndiwaone, ndipo mudzandiuze zomwe akakuyankheni kusukuluko. Mundiperekere moni kwa onse.

Ndine mnzanu,
Nabanda