Tiziphuphu ta pandevu si uve ayi

Akonzi,

Ine ntchito yanga ndi yometa anthu, ndipo ndatopa kumva kuti tiziphuphu totuluka pakhosi munthu akameta ndevu timabwera chifukwa cha uve kapena makina a wometa. Makina osatsuka amapatsiradi matenda, sindikukana. Koma mwa anthu amene amakhala pampando wanga, ambiri vuto lawo ndi kumeta mopala kwambiri.

Munthu wa ndevu zopotana akameta ndi lezala, ndevu iliyonse imatsala ndi nsonga yakuthwa. Pomera imapinda n'kulasa khungu, kapena imakulira mkati osatulukira kunja n'komwe. Thupi limaitenga ngati munga, ndiye pamatupa, pamayabwa, pena pamachita mafinya. Tayang'anitsitsani pagalasi, pakati pa kachiphuphu mudzaona kandevu kakuda kopindika. Malezala okhala ndi timipeni 3 kapena 5 aja ndiye amanyanyira: kampeni koyamba kamakoka ndevu, kotsatira n'kudula, ndevuyo n'kubwerera pansi pa khungu. Chimodzimodzi kukoka khungu ndi zala pometa, kapena kuyendetsa lezala mobwerera kumene ndevu zagonera. Pakhosi ndevu zimagona uku ndi uku, n'chifukwa chake tiziphuphu timachuluka pamenepo.

Kuwotcha kwa khungu mukangomaliza kumeta ndi nkhani ina. Kumeneko ndi kumeta pouma, lezala yobuntha kapena kupala malo amodzi kangapo, ndipo kumatha pakapita masiku ochepa. Sipiriti muzipukutira makina. Pankhope amangoumitsa khungu lomwe lapalika kale, ngakhale makasitomala ena amakhulupirira kuti akamva kuwawa ndiye kuti mankhwala agwira.

Mankhwala oyamba a tiziphuphu tija ndi kusiya kumeta kwa milungu 3 kapena 4. Ndevu zimakula pafupifupi sentimita 1 pamwezi, ndipo zikatalika, zambiri mwa zolasa khungu zija zimasolokamo zokha. Ikani pankhope kansalu konyowetsa m'madzi ofunda kwa mphindi zingapo. Kandevu kamene kakuonekera mukhoza kukatukula ndi singano yoyera, koma osakazula, osafinya. Kufinya ndi kumene kumasiya madontho akuda. Kirimu wa hydrocortisone 1% amachepetsa kuyabwa mukapaka masiku ochepa chabe, pomwe mankhwala opaka a benzoyl peroxide amalimbana ndi mabakiteriya. Mafuta oyeretsa khungu okhala ndi mankhwala amphamvu otchedwa masiteroidi musawayandikire pofuna kuchotsa madonthowo, amapyapyalitsa khungu. Mafinya akachuluka, kapena pankhongo pakayamba timabundu tolimba, pitani kuchipatala msanga, chifukwa timeneto timasanduka zipsera zotupa zovuta kuchiza.

Pobwerera kukameta, makina osiya ndevu pafupifupi milimita 1 ndiwo abwino. Amene sangachitire mwina koma lezala, ikhale ya mpeni umodzi, yakuthwa ndi yawoyawo, poti kubwerekana kumafalitsa matenda a chiwindi a hepatitis B. Anyowetse ndevu, apake thovu, amete motsata kumene zagonera.

Pempho langa likupita kwa mabwana amene amalamula kuti wantchito azioneka wopala chibwano m'mawa uliwonse. Mnyamata wina wolondera amabwera kwa ine khosi lili tiziphuphu tokhatokha, kolala ya yunifolomu ikumukhula, koma mawa lake ayenera kumetanso ndi lezala kuopa kudulidwa malipiro. Muloleni azidulira ndi makina kufikira khungu litapola.

Ine wanu,
Wometa tsitsi ndi ndevu