Agogo anga si mfiti, akudwala matenda oiwala

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzi yanu ndilankhule ndi anzanga a kuno ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi konse ku Tete komwe timayankhula Chichewa. Nkhani yake ndi ya agogo anga, mai awo a mai anga, omwe mwezi wa June anangotsala pang'ono kuwotcheredwa nyumba.

Anawapeza cha m'ma 2 koloko usiku ataima pakhomo la aneba, opanda nsapato, kamtolo ka zovala kali pamutu poto ali m'manja. Mmene kumacha mudzi onse nkhani inali imodzi yoti gogo uja wagwa pa lichero akuchokera kotamba, ndipo poti mwana wa pakhomopo anali atadwala malungo sabata yomweyo nde mukudziwa kale mmene zimakhalira, anyamata anabwera ndi miyala. Koma ife a m'nyumba tikudziwa komwe ankapita. Nthawi ya nkhondo ija inatha mu 1992 agogo anathawa wapansi ndi ana kukalowa ku Dedza, nde masiku ano dzuwa likangopendeka amayamba kumanga katundu amvekere dzutsani ana asilikali afika. Mutu wawo unabwerera ku zaka zimenezo. Mtundu wa mbuzi zomwe anazisiya pothawa amaukumbukira bwinobwino koma nsima adya pompano amakana kuti sanadye, mai anga omwe anawabereka okha amawatchula kuti achemwali.

Ndisaname, nanenso poyamba ndinkati mwina wina wawachita chipongwe, tinataya nkhuku ndi ma metikali ambiri kwa asing'anga osaona kusintha. Amene anatitsegula maso ndi APE, wazaumoyo wa m'dera lathu, anati apititseni ku chipatala ku Ulónguè mukafunse técnico wa psiquiatria, woona za matenda a m'mutu. Tinakwera nawo chapa ndithu. Bambo uja anawafunsa agogo tsiku, chaka, dzina la mudzi, anawauza mau atatu kuti awasunge kenako nkuwafunsanso patapita kanthawi, anawayeza magazi ndi BP imene kuno timati tensão, pomaliza anati awa ndi matenda, pa Chipwitikizi demência, ubongo ukuwonongeka pang'onopang'ono.

Anzanga, si za ku mudzi kwathu kokha izi. Bungwe loona za umoyo la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni pa dziko lonse ali ndi vutoli ndipo ambiri mwa iwo ali m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene ngati lathuli. Mtundu wofala kwambiri ndi Alzheimer, dzina la dokotala wa ku Germany yemwe anawafotokoza matendawa mu 1906, kodi nayenso tinene kuti ankayeza afiti a kwathu kuno ku Dómuè? Mtundu wina umabwera chifukwa cha sitiroko ndi BP yosasamalidwa, mitsempha ya magazi ya mu ubongo imatsekeka. Shuga, fodya ndi kachasu wa tsiku ndi tsiku zimawonjezera chiopsezo. Ndipo si ukalamba wamba ayi, kuiwala pomwe waika khasu aliyense zimamuchitikira, koma kusochera panjira ya ku dimba lomwe walima mbatatesi zaka 40 imeneyo ndi ina.

Chomwe ndikufuna mumvetse kwambiri nchakuti kupita ku chipatala si kutaya nthawi ngakhale Alzheimer ilibe mankhwala ochiziratu. Pali zinthu zina zimene zimasokoneza mutu mofanana koma zili ndi mankhwala othandiza, monga kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, chindoko chakalekale, HIV yosamwera mankhwala, matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, ngakhale matenda a mchikhodzodzo amatha kubalalitsa munthu wachikulire masiku awiri okha. Makamaka ngati zayamba mwadzidzidzi dzulo anali bwino lero sakuzindikira anthu musagone naye, thamangani.

Kunyumba taphunzira movutikira. Kukangana nawo sikuthandiza, akati asilikali afika mai anga amangoti chabwino amai tinyamuka kukacha, tiyeni timwe kaye tiyi, basi mtima umakhala pansi. Akati mwandibera ndalama timafunafuna nawo limodzi mpaka tiipeze pa mfundo ya chitenje chawo chomwe. Pa chitseko tinamangapo kabelu ka njinga, machesi ndi mankhwala a mbewu tinabisa, m'chitenje tinasokeramo kapepala ka dzina la mudzi. Masana timawapatsa nyemba asankhe, manja akuikumbukabe ntchito imeneyo. Koma wotopa ndi mai anga, chaka chino munda analima theka, tulo sagona, ndipo abale amene amabwera Lamulungu nkumati bwanji gogo waonda sanachezerepo nawo usiku ndi umodzi omwe. Ngati muli ndi wodwala wotere pa mtundu panu gawanani masiku chonde, musamusiyire mwana wamkazi m'modzi.

Thandizo la boma lilipo ngakhale ndi lochepa. INAS, bungwe la boma lothandiza ovutika, ili ndi ndalama ya Subsídio Social Básico ya okalamba ovutika, funsani kwa permanente, woimira INAS m'dera lanu, kapena a secretário ndipo BI, chiphaso cha agogo, ikhale pafupi. Lamulo nalonso lilipo, Lei 3/2014 yoteteza ufulu wa okalamba, ndipo wina akawamenya kapena kuwaopseza pitani ku polisi ku Gabinete yoona za nkhanza za m'banja. Ife anatipulumutsa ndi anyakwawa, anaitanitsa mudzi pansi pa mtengo ine nkuwerenga kapepala ka ku chipatala ndikumasulira m'Chichewa, ena anamva ena anachoka akung'ung'udza.

Pempho langa lipite kwa mafumu, abusa, ansembe, akatekisiti ndi asing'anga a m'bungwe lawo la AMETRAMO, munthu akabwera kuti gogo wakuti akuyenda usiku mufunseni kaye ngati anamuyezetsa. A wailesi za kuno pa 21 September ndi tsiku la Alzheimer pa dziko lonse, tipatseniko ola limodzi m'chilankhulo chathu, muitane wa chipatala anthu aimbe foni afunse. Ine ndi mai anga tili okonzeka kubwera kudzafotokoza zathuzi ngati papezeka wotsala ndi agogo tsiku limenelo.

Ndine wanu,
Mdzukulu wa ku Dómuè, Angónia