Anamwino azimvetsera odwala okalamba

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za momwe anamwino ena amachitira ndi okalamba athu kuno ku Harare.

Mwezi wathawu agogo anga aamuna anagonekedwa pachipatala china. Iwowa anachoka ku Dedza ali mnyamata n'kudzakalambira ku Mbare. Chishona amachidziwa, koma ululu ukawagwira chimawathawa, amangobuula m'Chichewa. Nditafika m'mawa ndinawapeza milomo itauma gwa, akuloza kapu ndi chala. Wodwala wa pabedi loyandikana anandiuza kuti usiku anapempha madzi katatu, namwino n'kungowakalipira kuti alankhule zomveka. Mtima unandipweteka kwambiri.

Ndikudziwa kuti anamwino atopa. Anzawo ambiri anapita ku UK, ndipo mu 2023 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika Zimbabwe m'gulu la mayiko amene akusowa kwambiri ogwira ntchito zachipatala. Komabe tsiku lomwelo mtsikana wina wophunzira unamwino anandifunsa momwe timanenera kuti “mukumva kuwawa pati?” Anawerama n'kuwafunsa agogo mwaulemu, iwo n'kumugwira dzanja, kumulozera pachifuwa.

Malamulo a dziko lino a 2013 amaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Ndikupempha a bungwe loyang'anira anamwino la Nurses Council of Zimbabwe kuti pa zaka zitatu za maphunziro a unamwino apezemo mpata wophunzitsa ophunzira kufunsa ndi kumvetsera wodwala amene Chishona ndi Chingerezi zamuthawa.

Mdzukulu wodandaula,
Mbare, Harare