Munati nyumba ili pafupi ndi Capital Hill, bwezani ndalama zanga

Kwa inu a kampani yopezera anthu nyumba za lendi, amene ofesi yanu ili muno mu Blantyre. Ndalemba pano pa tsamba lanu chifukwa foni simukuyankha, ndipo ku ofesi mlembi wanu amangoti bwana atuluka.

Kuntchito andisamutsira ku Lilongwe, ku unduna wina wa pa Capital Hill. Nditaona chilengezo chanu pa Facebook ndinakuimbirani. Munalemba kuti fulati ya zipinda ziwiri, yampanda, madzi ndi magetsi zilipo, pafupi ndi Capital Hill moti munthu atha kuyenda wapansi. Pa zithunzi munaikapo Nyumba ya Malamulo ija inatsegulidwa mu 2010, ndi chiliza cha Kamuzu chomwe chili pambali pake. Aliyense woona zithunzi zimenezo akanaganiza kuti nyumbayo ili cha ku Area 11 kapena Area 12. Mtengo womwe munatchulanso unali wa kumeneko. Munafuna lendi ya miyezi itatu, dipoziti, ndi komishoni yanu pamwamba, ndipo munati ndikachedwa pali wina wakonzeka kulipira tsiku lomwelo. Ndinatumiza zonse kubanki, malisiti ndili nawo.

Ife a ku Blantyre tinazolowera malo a mayina. Ukamva kuti Namiwawa, Chilomoni, Ndirande kapena Bangwe umadziwa pomwe pali, umadziwanso kuti minibasi ikhala ndalama zingati. Ku Lilongwe ndi manambala, ndipo manambalawo sanandandalikidwe motsatana ngati nyumba za mu mzere. Area 43 ili kufupi ndi City Centre kuposa Area 25, pomwe Area 36 ili kumwera kwenikweni. Mlendo sangazidziwe zimenezi, koma inu ndi ntchito yanu, mumazidziwa bwino. N'chifukwa chake nditakufunsani kuti ndi Area chani, munangoti musadandaule achimwene, mnyamata wathu akakulandirani ku depoti.

Mnyamatayo anandilandiradi, n'kundikweza minibasi ya ku 25. Tinadutsa Area 18, tikupitabe, mpaka mbali ya ku Kanengo. Kumeneko ndiye kuli fulati yanu yoyenda wapansi. Sindikunyoza Area 25, kumakhala anthu ambirimbiri ogwira ntchito m'boma ndipo amafika kuntchito tsiku ndi tsiku. Koma iwo amalipira lendi ya ku 25, osati ya ku Area 12. Ine kuti ndikafike pa Capital Hill ndiyenera kukwera minibasi, kutsika pa 18, kenako kusaka ina kapena kabaza, ndipo madzulo chimodzimodzi. Ndalama ya mayendedwe imeneyo sinali m'mapulani anga, popeza ndinavomera lendi yokwera poganiza kuti thiransipoti sindizilipira.

Nyumbayo payokha, mpanda ndi wa mbali ziwiri zokha, madzi anadula chifukwa amene ankakhalamo anasiya ngongole, ndipo alandilodi akuti dipoziti sanaione, analandira lendi ya mwezi umodzi basi. Ndiye ya miyezi iwiri ija ndi dipoziti zili kuti?

Katundu wanga akadali kuno kwa achemwali ku Chitawira, chifukwa sindingalipire lole ya mtunda woposa makilomita 300 kukatsitsa katundu m'nyumba yomwe sindikhalamo. Ku Lilongwe ndikugona pabalaza kwa mnzanga wa kuntchito, bambo wa ana atatu ngati ine, ndipo Lachisanu lililonse ndimabwerera kuno kudzaona banja n'kudzagogoda pa ofesi yanu.

Chomwe ndikufuna n'chosavuta. Bwezani lendi yonse, dipoziti ndi komishoni, chifukwa chomwe munagulitsa si chomwe munandipatsa. Za mwezi umodzi omwe munapereka kwa alandilodi mukakambirane nokha, ine m'nyumbamo sindinagonemo. Chilengezo chija muchichotsenso, ndaona chikadali pa tsamba lanu ndi zithunzi zomwe zija, ndipo pansi pake anthu ena akufunsa mtengo.

Mukapanda kundiyankha pofika Lachisanu likudzali, malisiti, zithunzi za chilengezo ndi mauthenga athu a pa WhatsApp ndikazitula ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission, kenako kukhoti la majisitireti. Nambala yanga muli nayo, ndi yomwe ija munkaiimbira kawirikawiri ndisanalipire.