Njinga ija musalipire kaye

Johannesburg

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Kuno ndili bwino, chifuwa chija chinatha ndipo ntchito ndayambiranso. Mundiperekere moni kwa atsibweni ndi alamu. Kalatayi ndapatsira mnzanga wa ku Kapiri amene akubwera pa basi. Akuwerengereni mlongo wanga, mng'ono wangayo akhale pompo azimva, chifukwa nkhaniyi ndi yake. Pa foni sitimvana, popeza foniyo imakhala m'thumba mwake.

Amayi, ndamva zoti R3,000 imene ndinatumiza pa Mukuru mwezi watha siinafike kwa wogulitsa feteleza. Akuti theka lake laperekedwa kwa munthu wina wa pa Kamwendo ngati chikole cha njinga yamoto. Kodi n'zoona? Anavomereza ndani? Ndinanena momveka bwino kuti ndalama imeneyo ndi ya feteleza wokulitsa, wobereketsa nditumiza ndikalandiranso. Mvula ikagwa mu Novembala muno mudzathira chiyani m'munda wa kudambo uja?

Za njingazo sindikukana ayi. Kabaza akudyetsa mabanja ambiri ku Mchinji, ndipo mng'ono wangayo kuti azingokhala pa bawo tsiku lonse sindikondwa nazo. Inenso kuno ndimadyera njinga yomweyo, tsiku lonse ndili pa Boxer kuperekera anthu zakudya m'manyumba, ndiye zimene ndikunenazi ndimazigwira ndi manja angawa. Chandipweteka n'chakuti wapereka ndalama asanayiyese, ndipo ine wanditumizira chithunzi chimodzi chokha pa WhatsApp: njinga yotsukatsuka, thanki ikuwala, mita ikuonetsa makilomita 31,000.

Iwe mng'ono wanga, tawerenga wekha. Wakabaza akamayenda makilomita 100 pa tsiku, masiku 300 okha akwanitsa 30,000. Njinga imeneyi akuti yakhala ikunyamula anthu ndi matumba a soya pa msewu wa ku Mkanda zaka zisanu. Ndiye mita imeneyo ikunena za chaka chiti? Kawaya ka mita kamangozulidwa kutayala lakutsogoloko, manambala n'kuima pomwepo. Usayang'anenso mita. Komanso usathawe njinga chifukwa choti yayenda kwambiri. Ya makilomita 80,000 imene mwini wake ankasintha oyilo pa nthawi yake ingakutumikire kuposa ya 20,000 imene ankangothiramo oyilo wakuda wotsala m'galimoto. Mu tiinjini timeneti mumalowa oyilo pafupifupi lita imodzi yokha, ndiye ndi fumbi la kwathulo sachedwa kuda, ndipo akada amayamba kudya zitsulo m'katimo.

Yang'ana zimene munthu sangazibweze m'mbuyo. Mphira za popondera ngati zasalala mpaka chitsulo kuonekera, njingayo yayenda. Mano a sipuloketi yakumbuyo ngati asongoka n'kupindikira mbali imodzi ngati minga, tcheni ndi masipuloketi onse awiri n'zogula zatsopano, ndipo ndalama yake ichotsedwe pa mtengo.

Upite m'mamawa, osamuuza kuti ukubwera. Ukafika, yamba wagwira injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda ndiye kuti wayilizira dala kuti usaone mmene imavutira kudzuka. Bwerera, udzapitenso tsiku lina. Yozizira iyenera kulira ukaponda kiki kawiri kapena katatu. Ikalira uime kumbuyo, wina aikoke moto. Kautsi koyera kamene kamatha injini ikatentha kasakuopse, ndi chinyezi chabe. Koma utsi wabuluu wonunkha oyilo wopsa nthawi zambiri ndiye kuti maring'i a pisitoni atha, injini ikumwa oyilo, ndipo posachedwa ifuna kutsegulidwa. Masula pulagi uone: yabwino imakhala youma, yofiirira, osati yakuda ndi yonyowa oyilo. Kenako solola kopimira oyilo, udontheze pa chala, utikite ndi chala chinzake uli padzuwa. Ukaona timinyenyeswa tonyezimira, ndi injiniyo ikudzidya yokha. Tchera khutu, kulira kwa "tchi-tchi-tchi" kwapamwamba nthawi zambiri ndi mavavu ongofunika kuchuna, koma kugogoda kolemera kochokera pansi ndi ndalama zambiri.

Amayi, ndisanaiwale, mbuzi yaikazi ija isagulitsidwe. Ndamva kuti wina anabwera kudzaifunsa. Ndipo denga la khitchini likhale litafoleredwa mvula isanayambe, udzu ndinalipira kale mu Julaye.

Ndibwerere kwa iwe, mng'ono wanga. Imika njingayo pa sitandi yapakati, ugwire tayala lakumbuyo uligwedezere uku ndi uku. Lisamasewere. Pa mashoko akutsogolo pasakhale oyilo wochucha. Chotsa mpando, usuzumire pansi pa thanki ndi pamene pamangidwa kaliyala, ufufuze zipsera za kuwotcherera. Njinga za kabaza zimasenzetsedwa katundu woposa msinkhu wake, felemu n'kuthetheka, iwo n'kuwotcherera n'kupaka penti yakuda. Pisitoni, tcheni, kilatchi, zonsezi zimagulidwa. Felemu yowotcherera ukaiona, usiye njingayo ngakhale atatsitsa mtengo bwanji, chifukwa idzakuthyokera uli ndi mwana wa eni kumbuyo. Uyikwerenso muli awiri pa chitunda. Injini ikamakuwa koma liwiro osawonjezeka, kilatchi yatha.

Zonsezi usachite wekha. Upite ndi atsibweni ndi makaniko wosankha ife, osati mnzake wa wogulitsayo. Ndalama ya makaniko ndilipira ine, imeneyo sindidandaula nayo.

Tsono mapepala. Inu mukudziwa kuti kwathuko ndi m'malire, njinga zina zimalowa kuchokera ku Zambia ndi ku Mozambique kudzera njira zachidule, zosalipira msonkho wa MRA, zina mwa izo zobedwa. Wogulitsayo aonetse buluu buku, buku la umwini wa njinga. Nambala yodindidwa pa injini ndi ya pa felemu zifanane ndi zolembedwa m'bukumo, ndipo pamene pali nambalapo pasaoneke popalapala. Dzina la m'buku lifanane ndi la pa chiphaso chake cha unzika. Akayamba zoti mapepala ali kwa achimwene ake ku Chipata, nkhani yathera pomwepo. Mukagwirizana, mulemberane pamaso pa amfumu, kenako umwini ukasinthidwe ku Road Traffic ku Lilongwe. Pamwamba pa apo pali laisensi yako, inshuwalansi ndi zipewa ziwiri zotetezera mutu. Popanda zimenezi apolisi akakulanda pa rodibuloko, ndalama yanga idzakhala ikuchita dzimbiri pa polisi.

Ndiye uwerengere pamodzi: mtengo wa njinga, zokonzetsa zimene makaniko anene, ndi mapepala. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo sizinatsikenso. Ufunsenso m'mashopu a pa boma ngati zipangizo za mtundu umenewo zimapezeka, chifukwa njinga yoti kachitsulo kalikonse mpaka ukakasake ku Lilongwe idzagona m'nyumba masabata. Zonse pamodzi zikayandikira mtengo wa yatsopano, tidikire, tidzagule mukakolola soya.

Amayi, ndalama imeneyi siibwera mophweka. Ndimaweruka usiku, mvula ndi mphepo zili pamsana, magalimoto akundipanikiza mbali zonse. Ndikamadya buledi ndekha m'kachipinda kano ndimakumbuka nkhwani zanu zotendera ndi mango a kuseri kwa khola, amene pano ayenera kuti ayamba kupsa. Ndimapirira chifukwa ndimati kumudzi zinthu zikuyenda. Ndiye ndikamamva kwa anthu ena kuti ndalama yakhotera kwina, tulo sindipeza.

Atsibweni apite kwa munthu wa pa Kamwendoyo sabata ino. Njinga ikalephera zimene ndalembazi, chikole chibwezedwe chonse, chipite ku feteleza tsiku lomwelo. Theka lotsala lija lili ndi ndani? Mlongo wanga, iwe undijambulire lisiti ndi matumbawo ali m'nyumba, unditumizire pa foni ya alamu. Ndisanaone zimenezo sinditumizanso kanthu, kupatula ya mankhwala anu, Amayi, imene ndipereka m'manja mwa mnzangayu.

Ndipo iwe mng'ono wanga, njinga ikadzagulidwa, usiku sudzanyamula munthu wosamudziwa. Dzuwa likalowa izikhala ili m'nyumba.

Ndine mwana wanu,
woyamba kubadwa